Singano ya Kandege ka Damiano

Kwa Thembedza, Chiromo
20 Novembala 1922

Francisco mdzukulu wanga,

Moni mwamuna wanga wa ku Limbe. Uli bwanji kumapiri kwanuko? Ife kuno tilipo, amene tatsala. Zilembo zangazi uwerenge mopirira, ndinaziphunzira ndili ndi imvi kale, ndipo pensulo yatsala ngati chala cha khanda.

Bokosi lako lafika pa sitima Lachiwiri. Ndinakupempha makasu awiri ndi mbewu ya mapira, poti yathu tinadya. Amuna awiri analisenza kuchokera pa siteshoni, mudzi wonse uli pambuyo kumeza malovu. Titatsegula tinapezamo kandege. Mapiko a nsalu, mutu wa chitsulo, chitini cha petulo ndi timabatire. Mayi wina anafunsa ngati kamadyedwa. Ndinamuuza kuti akafunse iwe, ndiwe wophunzira.

Kapena kumeneko simunamve kuti kuno mvula inakana? Chaka chonse takhala tikuvuula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi, m'dambo, ng'ona zikutiyang'ana. M'mudzi mwathu mokha taika ana asanu.

Za mkulu wako Damiano sindinafune kukulembera, koma umve. Ukudziwa kuti chibwerere kunkhondo kuja ankasenza zipolopolo za mizinga, makutu ake anatsekeka. Mu Ogasiti mkazi wake Otilia anapita kudambo, nasiya kamwana kawo Petro m'nyumba, bambo wake akusema mpini pakhonde. Mwana analira kuyambira m'mawa mpaka mawu kutha. Anthu a nyumba yachitatu anamva. Damiano sanamve. Sindikuti akanamva akanamupulumutsa, m'nyumbamo munalibe chomupatsa, koma akanamunyamula. Patapita masiku atatu tinamuika. Chiyambire pamenepo Otilia amamuikira mbale pansi osamuyang'ana nkhope.

Tsopano a Paison, malume ake a Otilia, andiitana. Si munthu woipa, angotopa. Ati Damiano monga mkamwini amupatsa munda wa m'mphepete mwa dambo, uja mbalame zimayambira. Chaka cha dzana anaima pa nsanja atatembenukira kwina, anzake akukuwa, mpheta zikumaliza mapira kumbuyo kwake. Ati zikachitikanso chaka chino, apinde mphasa yake abwerere kwa ine, ndipo mwana wake wotsala, Priska, akhala kwa amake. Munthu wosamva aingitsa bwanji mbalame?

Ndiye kandege kako ndinakapereka kwa iye, poti ine sindiuluka. Wakhala nako masiku atatu akungokasisita. Ndiuze, unkaganiza chiyani? Ndipo mbewu tumiza.

Ndine agogo ako,
Esinala


Limbe
9 Disembala 1922

Okondedwa Agogo,

Ndikupereka moni kwa inu ndi onse kumudzi. Ine ndili bwino, ntchito ya zitsulo ikuyenda. Za Petro zandisweka mtima, sindinadziwe. Mbewu ndapatsira mnzanga wa pa sitima, mulandira sabata ino. Makasu abwera pambuyo.

Musandiyese wamisala. Kandegeko anapanga ndi mzungu amene ndinkagwira naye ntchito, anandisiyira popita kwawo. Kunkhondo, pamene ine ndinkatsuka injini za ndege zenizeni, achimwene ankabwera kudzaima kumpanda. Nthawi yonse ija ndinawaona akuseka kamodzi kokha, tsiku limene ndege inanyamuka patsogolo pawo. N'chifukwa chake ndinatumiza. Ndege zimenezo, Agogo, zinkamwa mafuta a nsatsi, bwalo lonse linkanunkha ngati nyumba yanu.

Muwapatse achimwene kalatayi awerenge. Petulo ndasakaniza kale ndi mafuta ake. Pambali pa injini pali kachitsulo kosongoka, timati singano. Ndiko kamatsegulira petulo njira. Mukatseka kwambiri injini imamwa mpweya wambiri, imatentha n'kufa. Mukatsegula kwambiri imatsamwa. Mutseke singanoyo mpaka pothera, kenako mutsegule poipotokola kawiri ndi theka. Osapitirira, osachepetsa. Ndayesa ndekha kuno kambirimbiri. Mumange chingwe ku phiko, mbali inayo pa mtengo wozikika, kazizungulira osathawa.

Mundiuze mmene mvula yayambira.

Mdzukulu wanu,
Francisco


Kwa Thembedza
11 Febuluwale 1923

Francisco,

Moni. Ukudya bwino? Mbewu inafika, zikomo, tinadzala. Mvula yomwe inakana chaka chatha yabwera ndi abale ake onse. Mapira afika m'chiuno. Makasu sindinawaone.

Kalata yako Damiano waisandutsa katekisimu. Amaipinda m'thumba, amaitulutsa, amawerenga ndi chala. Kawiri ndi theka. Wazika mtengo pakati pa munda, wadula bwalo lozungulira, ndipo ine nkhalamba ndimayenda ulendo wa kwa a Paison kukamugwirira mchira wa chinthu chako pamene iye akupukusa kamtengo ka kutsogolo kaja.

Kamalira, sindikana. Koma kamalira moipa. Kamayamba bwino, kenako liwu limasongoka, limakwera, limakwera, kenako kudukiza kawiri, zii. Mutu wake umatentha moti Damiano wapsa zala zitatu. Iye samva kanthu, amangoona kamtengo kaima, n'kutulutsanso kalata. Ndinamulembera pansi ndi chala kuti chinthuchi chili ndi vuto. Anafufuta ndi phazi, n'kundiloza dzina lako papepala. Kwa iye wanzeru ndiwe, ine ndine wosinja nsatsi.

Chimodzi chokha. Lachisanu kanalira nthawi yaitali pang'ono, ndipo mpheta zonse za mu mtondo uja wa kumalire zinanyamuka ngati utsi. Damiano anaziona. Anayang'ana mbalame, anayang'ana kandege, anayang'ana ine. Chibwerere kunkhondo sindinaone maso ake akuyenda msanga chotero. Ndiye tsopano si choseweretsanso, akuti ndi mlonda wake.

Otilia amadutsa ndi mtsuko osatembenuka. Anthu amati mkamwini wa a Paison wapenga. Petulo watsala pansi pa chitini. Tumiza wina, ndipo undiuze ngati kulira kumeneku ndiko kwake.

Agogo ako,
Esinala


Kwa Thembedza
18 Malichi 1923

Francisco,

Moni, ngati ulipo. Kalata yako palibe. Akuti madzi akokolola njanji kumtunda, sitima sikuyenda. Iyi ndikupatsira munthu wa ngalawa, ikafike pamene Mulungu afunire.

Petulo anatha. Damiano anakhala masiku awiri pakhonde, manja ali pamaondo, monga ankakhalira titaika Petro. Tsiku lachitatu anabwera kwathu ndi kabotolo ka kachasu, nathira pang'ono pa phale, nayatsa. Kanayaka moto wobiriwira. Anandiyang'ana.

Tsono imva zimene wandichititsa. Ine Esinala, wokhala kutsogolo m'tchalitchi, ndatulutsa masau ouma amene ndinasungira njala, ndaviika, ndabwereka mpopi wa mfuti yakale, ndikutcheza kachasu kuseri kwa nthochi. Wamba sayaka bwino, ali ndi madzi. Ndimatenga wa kumutu yekha, n'kumutchezanso kachiwiri, mpaka dontho likagwa padzanja liziuma lokha. A katekisiti adutsa kawiri akununkhiza. Ndinawauza kuti ndi wa ndege. Anandipempherera.

Mafuta ndinakumbuka mawu ako a nsatsi. Poyamba ndinalakwa. Ndinakazinga monga timachitira odzola, anatuluka akuda onunkhira bwino, ndipo anamata m'mimba mwa injini ngati ulimbo. Damiano anatha tsiku lonse akutsuka ndi nthenga. Tsopano ndimasinja zosakazinga, ndimawiritsa, ndimayengula, ndimasiya masiku asanu adikhe, kenako ndimasefa pa duku langa loyera la Lamulungu. Duku latha ntchito. Timathira zipande zinayi za kachasu, chimodzi cha nsatsi, ndipo zimagwirizana bwino osalekana.

Koma pa kawiri ndi theka pako kaja zafika poipa. Kamangoti kulira kamodzi kosongoka kaja, n'kufa. Damiano akuti kachasu ndi wofooka, nditcheze kachitatu. Msana wanga watha, maso akufiira ndi utsi. Singano sailola kuti munthu aikhudze. Mapira atulutsa ngala. Yankha msanga, iwe mwana.

Agogo ako,
Esinala


Kwa a Paison
8 Epulo 1923

Mng'ono wanga Francisco,

Moni. Ine sindilemba zambiri. Mapira achita mkaka. Mbalame zafika, zadya kale mizere ya kudambo. Botolo la kachasu likutha pa tsiku koma palibe chikuyenda. Manja akunjenjemera. Ndachita zonse monga unanenera. A Paison anabwera kumunda dzulo, anangoyang'ana n'kubwerera. Priska amandigwira mwendo ndikamachoka. Sindidziwa zimene amanena. Ndiuze chochita.

Damiano


Limbe
24 Epulo 1923

Okondedwa Agogo,

Moni kwa inu. Sitima yayambanso kuyenda, ndipo ndalandira makalata awiri pamodzi, yanu ya Febuluwale ndi ya achimwene ya mwezi uno. Ndakhumudwa kwambiri. Botolo la kachasu pa tsiku, Agogo, inu muli pomwepo? Munatilera ndi ndodo pa nkhani ya mowa. Manja alekerenji kunjenjemera? Munthu woledzera sangawerenge kawiri ndi theka, n'chifukwa chake injini ikuvuta. Kuno inkayenda bwinobwino.

Ndaganiza chonchi. Ngati a Paison atopa nawo, asadikire kuthamangitsidwa. Abwere kuno, ndawapezera malo osesa m'nyumba ya zitsulo, kumene phokoso ndi lalikulu moti tonse ndife osamva. Priska adzakula, adzawafuna yekha. Petulo sakulola kukweza pa sitima pakali pano. Kandegeko mukasunge m'bokosi, ndinalakwa kutumiza.

Mundiuze tsiku loti ndikawachingamire pa siteshoni.

Mdzukulu wanu,
Francisco


Kwa a Paison
13 Meyi 1923

Francisco,

Moni. Kalata yako ndailandira, ndipo ukanakhala pafupi ndikanakukoka khutu, poti ako ndi amoyo koma sagwira ntchito. Woledzera ndi kandege kako, mbale wako sanalawepo dontho. Manja amanjenjemera chifukwa chopukusa kamtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ya Malichi ikakupeza uchite manyazi. Ku siteshoni usapite, sabwera.

Imva tsono. Patatha masabata atatu chichitikire Pasaka ndinali nditagwira mchira monga mwa masiku onse, mbalame zili mbuu pa mizere ya kumunsi. Kanalira kulira kwake kuja. Miyezi itatu ndakhala ndikudzifunsa kuti liwu limeneli ndinalimva kuti. Tsiku limenelo ndinakumbuka. Ndinalimva chaka chatha, nyumba ndi nyumba. Mwana wokhuta akamalira, liwu limakhala lonenepa, lili ndi malovu. Wa njala limasongoka, limakwera, limadukiza, kenako zii. Ndaika ana okwanira kuti ndisasokoneze ziwirizi.

Ndinalanda kalata yako m'thumba mwa Damiano n'kuikhalira. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Ndinalemba pansi kuti, kali ndi njala. Anawerenga, ulendo uno sanafufute. Kenako anapukusa, ndipo liwu litayamba kusongoka ndinamufinya phewa. Anatsegula singano pang'ono. Ndinafinyanso. Katatu, kanayi, kupitirira. Chinthu chija chinayamba kulira bubububu ngati nkhalamba yokhuta mowa, mafuta akutuluka kukamwa, ndiye ndinamusisita kuti abweze. Pakati pa ziwirizo pali malo aang'ono ngati mpata wa mano, pamene kamaimba mosalala ngati mwana amene wayamwa n'kuyamba kusewera. Pamenepo ndinangosiya dzanja lili phee. Anandichotsa pa mchira, nakasiya.

Kanathamanga, kanadumpha kawiri, kananyamuka. Kanazungulira mtengo pamwamba pa ngala, chingwe chili gwa, ndipo mbalame zinathawa mpaka tsidya la dambo. Damiano sanaseke monga unkafunira. Anangokhala pansi n'kuphimba nkhope.

Usaganize kuti zatha. Kathanki kake ndi kakang'ono, kamauluka pang'ono n'kutera, mbalame zimabwerera, timayambanso. Ndipo malo aja sakhala pamodzi. M'mawa kukazizira kamafuna zambiri, masana kamafuna zochepa, kachasu wa lero safanana ndi wa dzulo. Nthawi iliyonse pafunika khutu. Ndiye ndasamukira kuno, ndimagona kwa mlongo wa a Paison, ndimatcheza, ndimasinja, ndimakhala kumunda ndi dzanja paphewa la munthu wamkulu wandevu. Kwatsala masabata asanu kuti tidule. Sindidziwa ngati ndifika. M'makutu mwanga mwayamba kulira nyenje ngakhale kandege katazima, ndipo maondo akukana.

Otilia amabweretsa madzi, amaika patali, amapita. Tsiku lina ndinamuona ataima kuseri kwa mapira nthawi yaitali. Ndinamuitana, anati akufuna nkhuni. M'munda wa mapira mulibe nkhuni.

Agogo ako,
Esinala


Limbe
2 Juni 1923

Okondedwa Agogo ndi achimwene,

Moni. Kalata ya Malichi yandipeza lero, itanyowa n'kuuma, pamodzi ndi ya Meyi. Ndachita manyazi monga munanenera. Achimwene, mundikhululukire.

Ndikanadziwa kuti mukuthira kachasu ndikanakuuzani tsiku lomwelo kuti injini imamwa kachasu wochuluka kuposa petulo, pafupifupi kawiri. Ndiponso ndafunsa mmisiri wamkulu kuno, akuti mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, wa kuchigwa ndi wolemera, choncho kawiri ndi theka kanga kanali ka Limbe kokha. Ngakhale ndi petulo kanali kochepa kwanuko. Ndinalemba ngati lamulo chinthu chimene ndinkachipeza ndi khutu, osakumbuka kuti achimwene khutulo alibe.

Mundiuze kuti singano ili pangati tsopano, ndilembe m'buku langa. Agogo, mupume.

Francisco


Kwa Thembedza
27 Juni 1923

Francisco mwamuna wanga,

Moni. Ndabwerera kwathu, ndikulemba chogona. Nzeru zako zafika mapira ali kale pa mphasa, zikomo, tizisunga.

Ukuti ndipume. Anandipumitsa ndi malungo. Kutatsala masabata awiri kuti tidule, ndinadzuka thupi lili moto. Ndinadzikoka mpaka kumunda n'kugwa pansi pa nsanja. Unali m'mawa wozizira, nkhungu ili padambo, ndipo mbalame zinabwera zambiri kuposa masiku onse, poti minda ya ena inali itadulidwa, wathu wokha ndiwo unatsala. Damiano anandifunditsa thumba, napanikiza mchira pakati pa maondo ake, napukusa yekha. Singano inali pa malo a dzulo masana.

Ngakhale ndi nyenje zanga ndinamva. Liwu linasongoka, linayamba kukwera. Ndinati ndidzuke, miyendo inakana. Ndinakuwa, ngati kuti kukuwa kunamuthandizapo munthu ameneyu. Iye anali atawerama, akuyang'ana kamtengo kakuzungulira, osadziwa kanthu, monga anakhalira pakhonde tsiku lija. Mutu wa injini unayamba kufuka. Ndinadziwa kuti ikapsa lero, palibe ina.

Ndinangomva mtsuko ukusweka. Otilia anadutsa pa ine ngati sanandione, mapira akumukwapula kumaso, nafika n'kumugwira phewa ndi manja onse awiri. Sanafinye monga ndimachitira ine, anakumba ndi zala, zipsera zilipo mpaka lero.

"Kapatse," anatero, ngakhale akudziwa kuti samva. "Kapatse, sukuona kuti kali ndi njala?"

Damiano anatsegula asanatembenuke, akuyesa ndine. Liwu linatsika, linanenepa, linapitirira pang'ono. Otilia anamusisita kuti abweze. Palibe anamuphunzitsa, Francisco. Masiku onse aja a nkhuni ankaona dzanja langa. Litafika pamalo pake anasiya dzanja phee. Pamenepo ndi pamene Damiano anayang'ana dzanjalo n'kuona kuti lilibe makwinya.

Damiano anamasula mchira. Kandege kananyamuka, mbalame zinabalalika, iwo ali chomwecho, wina atagwada wina ataima, dzanja lili pomwepo mpaka kathanki kutha. Kenako Otilia anabwera kudzandikweza mutu kuti ndimwe madzi a m'phale la mtsuko wosweka. Ndinamufunsa kuti bwanji lero.

"Masiku onse munkafulumira ndinu, agogo," anatero. "Lero kanalira nthawi yaitali."

Kuyambira tsiku limenelo sindinapitenso kumunda. Ankapita awiri, Priska ali pambuyo ndi botolo la nsatsi. Tadula madengu khumi ndi anayi. Mbalame zinadya gawo lawo, mwina limodzi mwa magawo atatu, si zokolola zoti munthu n'kuvinira. A Paison anabwera, anayang'ana mulu, anatola ngala imodzi n'kuitafuna. Za mphasa sanatchule. Anangotenga Damiano padzanja n'kukamulozera malo kuseri kwa nyumba ya Otilia, kuti nkhokwe yake amange pamenepo, pokwera, madzi asamafike.

Kandege phiko limodzi lang'ambika, Otilia wasoka ndi chidutswa cha duku langa lija. Kali pa denga, kakudikira chaka chamawa. A katekisiti akuti ndikaulule za kachasu. Ndipita ndikachira, koma masau ndauza kale ana kuti atole ambiri.

Wafunsa kuti singano ili pangati. Sindidziwa, palibe amawerenganso. Ine khutu lamanzere latseka, lamanja likutsatira, ukabwera uzidzayankhula mokweza. Ukafuna za m'buku lako ulembere Otilia, ndiye mwini phewa tsopano. Dzulo ndinawaona pakhonde, Priska atagwa n'kuyamba kulira kuseri kwa nyumba. Otilia anali ndi ufa m'manja. Sanadzuke. Anangofinya phewa la mwamuna wake n'kuloza ndi mlomo, ndipo Damiano anapita kukamunyamula.

Makasu aja ndikudikirabe. Ndi pensulo.

Ndine agogo ako,
Esinala